Kukaona Nyanja Yamchere ku Dar es Salaam Mosaboola M'thumba



Masiku ano si chachilendonso kumva kuti bambo wa ku Mangochi, ku Salima kaya ku Nkhotakota wapita ku Dar es Salaam. Ena amapita kukaoda zitenje, nsapato ndi ziwiya ku Kariakoo, ena kukatenga galimoto yomwe anaitanitsa kuchokera ku Japan, ndipo si ochepa amene amatengako mayi a kunyumba ndi mwana mmodzi kapena awiri sukulu zikatsekera. Ulendowu ndi wautali ndithu. Kuchokera pa chipata cha Songwe kukafika mumzindawo ndi makilomita oposa 900, kudutsa Iringa, Mikumi ndi Morogoro, ndipo munthu amatsika basi miyendo itatupa. Koma chomwe chimatidabwitsa ife n'chakuti ambiri mwa abale athuwa amabwerako osaiona nyanja yamchere, chonsecho anagona masiku anayi kapena asanu pamalo oti akanatha kuyenda wapansi kukafika kugombe. Mukawafunsa amati, "Zimenezo n'za azungu, ndalama zake tikazitenga kuti?" Ena amati, "Ife tinabadwira kunyanja, madzi angatidabwitse chiyani?"

Mayankho onse awiriwa ife sitigwirizana nawo. Loyambalo limangomumana munthu chinthu chotchipa, koma lachiwirilo likhoza kuphetsa mwana.

Tiyambire pa Kivukoni, pamene doko la Dar es Salaam limatsegukira kunyanja yaikulu. Mzindawu anauyamba ndi Sultan Majid bin Said wa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860, ndipo chinamukopa ndi doko lomweli. M'kati mwake ndi motakata ndi mwabata, koma pakamwa pake ndi popapatiza moti munthu ali tsidya lino amamuona bwinobwino mnzake amene waima tsidya linalo. Sitima zonse zolowa padokopo, ndi zomwe zimanyamula mafuta ndi katundu wobwera kwathu kuno, zimadutsa pakamwa pomwepa. Msewu wa mabasi othamanga aja amati mwendokasi, omwe anayamba mu 2016, umathera pa Kivukoni, ndipo madaladala, omwe ndi maminibasi a kumeneko, amafikanso.

Pomwepo pali msika waukulu wa nsomba umene anthu amangoutchula kuti Feri. Langizo lathu ndi lakuti mukafike mutangoswali Subuhi, pakuti malonda enieni amachitika m'mamawa asodzi akamakocheza. Nsomba amaziunjika pamatebulo n'kumazigulitsa mopikisana mitengo, amayi ogula atazungulira, aliyense akufuula mtengo wake. Munthu wa ku Makawa kaya wa ku Senga Bay sangasochere pamenepo, chifukwa fungo, phokoso ndi kulimbirana kwake n'chimodzimodzi ndi padoko la kwathu. Chosiyana ndi nsombazo. Dagaa wawo akufanana ndi usipa wathu, ameneyo sangakudabwitseni. Koma pali nguru, nsomba yaitali imene amaidula m'mapisi. Pali jodari, ya mnofu wofiira ngati wa ng'ombe, ina yotalika kuposa mwana wa Sitandade 3. Ndiye pali zina zimene ana athu amabisala kumbuyo kwa mayi awo akaziona, monga pweza wa miyendo 8 ndi mbale wake ngisi. Wina akakufunsani ngati mukufuna kamba, musaganize kuti akukugulitsani fulu kapena chakudya cha paulendo. M'Chiswahili kamba ndi tizamoyo tam'madzi tooneka ngati dzombe, tokoma zedi tikakazingidwa.

Ana athu a ku madrasa amakonda kufunsa ngati zimenezi zili halaal. M'madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata monganso anthu a m'gombe la Tanzania, pweza, ngisi ndi kamba n'zololedwa kudya. A Hanafi iwo amaloleza nsomba basi, choncho mukakhala ndi mnzanu wotsata madhhab amenewo musamukakamize pweza. Mbali ina ya msikawo kuli okazinga nsomba, ndipo kumeneko mukhoza kugula ndiwo zotentha pamtengo wochepa, kukulunga pamodzi ndi chinangwa kapena chapati. Kamba wa paulendo, tikunena wa Chichewa uja tsopano, wapezeka.

Poyandikana ndi msikawo ndi pokwerera chombo choolotsa anthu kupita ku Kigamboni, chomwe eni ake amati pantoni. Ulendo wake sukwana mphindi 10, ndipo woyenda pansi amalipira mashilingi mazana ochepa chabe, ndalama yosagula n'komwe botolo la zoziziritsa kukhosi. Mumakwera pamodzi ndi anthu opita kuntchito, ana a sukulu, njinga zamoto ndi mabajaji, ndipo palibe amene amakuyang'anani ngati mlendo. Kwerani pamwamba ndi ana kuti muone bwino. Kumanja kwanu mudzaona doko ndi sitima zitandandalika, kumanzere nyanja yopanda tsidya. Nthawi zina pantoni imayamba yaima kudikira kuti sitima yaikulu idutse, anthu a kumeneko n'kumang'ung'udza kuti akuchedwa, pamene kwa ife chimenecho ndiye chomwe tabwerera. Mwana amene sitima yaikulu imene anaionapo ndi Ilala, yomwe kutalika kwake ndi mamita 52, amasowa chonena akaona sitima ya makontena yotalika kanayi kuposa pamenepo ikudutsa chapafupi mwakachetechete. Mu 2016 anatsegula mlatho wa Nyerere, wa mamita 680, wopitanso ku Kigamboni komweko, koma umenewo ndi wa anthu achangu. Wofuna kuona madzi akwere pantoni, ndipo ngati anawo sanakhutire, palibe choletsa kuoloka kawiri.

Mukafika tsidya linalo, bajaji kapena daladala idzakutengerani chakum'mwera, cha ku Mjimwema, komwe kuli mchenga woyera wautali. Malo ena ndi otchingidwa ndi mahotela amene amalipiritsa pachipata, ndipo ena mwa iwo ndi a mowa ndi zoimba zogonthetsa m'khutu, makamaka Loweruka ndi Lamulungu. Banja lofuna bata lipite pakati pa sabata, ndipo lifunse woyendetsa bajaji malo amene mabanja amakonda kupita.

Tsono apa ndi pamene munthu wa kunyanja ayenera kudzichepetsa. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika kamodzi pachaka. Mu 2024 inakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, koma inatenga miyezi kuti ifike pamenepo, ndipo anthu ankaiona ikubwera. Nyanja yamchere imakwera ndi kutsika kawiri patsiku. Aswahili amati maji kupwa ndi maji kujaa, mawu omwe mukawamvetsera bwino ndi athu omwe, kuphwa ndi kudzaza. Pagombe la Dar es Salaam kusiyana kwa madzi ophwa ndi odzaza kumafika mamita 3 kapena kuposerapo, ndipo poti m'malo ambiri pansi pake ndi pathyathyathya, madzi akaphwa amathawira kutali kwambiri, kusiya mchenga, miyala ndi tizithaphwi tokhala ndi tinsomba. Ana amathamangira komweko, ndipo ndani angawaletse? Koma pakapita maola pafupifupi 6 madzi aja amabwerera. Sabwera ndi phokoso ayi. Amayamba kudzaza m'malo otsika, ndipo ena mwa malo otsikawo amakhala kumbuyo kwa mwana, pakati pa iye ndi kumtunda. Akamatembenuka amapeza kuti waima pa kachilumba, ndipo pomwe anadutsa madzi akulekeza m'kapolo tsopano akulekeza m'khosi. Kwathu kuno timazolowera kusiya ana akusewera pamadzi osaya mayi akuchapa, podziwa kuti posaya m'mawa ndi posayanso madzulo. Kumeneko chizolowezi chimenecho mukachisiye.

Chimene chimakoka madziwa ndi mwezi, mothandizidwa ndi dzuwa, ndipo pamenepa ife tili ndi mwayi chifukwa kalendala yake ili kale pakhoma m'nyumba zathu. Mwezi ukangooneka, ndiye kuti masiku oyambirira a mwezi wa Chisilamu, komanso ukakhala wathunthu cha pa 14, 15 ndi 16, dzuwa ndi mwezi zimakokera pamodzi, kotero madzi amaphwa kwambiri ndi kudzazanso kwambiri. Masiku amenewo amawatcha bamvua. Cha pa 8 ndi pa 23 kukoka kwake kumatsutsana, madzi sasuntha kwenikweni, ndipo amati maji mafu, madzi akufa. Masiku a bamvua ku Dar es Salaam madzi amakhala ataphweratu cha m'ma 10 koloko m'mawa, n'kudzadzaza cha m'ma 4 koloko madzulo, nthawi ya Asr. Tsiku lililonse nthawi zimenezi zimachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Taganizani tsono za Idi ya Fitri. Imagwa pa 1 Shawwal, ndiye kuti chaka chilichonse imagwa pa bamvua, ndipo ndi tsiku limene mabanja a mumzindamo amakhamukira kugombe masana akatha kudya, nthawi yomwe madzi akubwera ndi mphamvu zawo zonse. Wofuna kuti ana atole zigoba ndi kuona tinsomba apite m'mawa. Wofuna kusambira adikire madzi adzaze, asambire pafupi ndi mtunda, ndipo wamkulu mmodzi akhale panja pa madzi, ntchito yake kuwerenga mitu ya ana basi.

Madziwo ndi amchere ndithu. Mu lita imodzi muli magalamu pafupifupi 35 a mchere, ngati timasupuni 6 ta tiyi. Mwana aliyense wa kwathu amayamba walawa kuti atsimikize, ndipo nkhope imene amapanga ndi yokwanira kulipira ulendo wonse. Samweka, sopo sachita thovu, amalowa m'maso n'kumawawa, ndipo mukapanda kutsukuluza thupi ndi madzi abwino khungu limayabwa. Ife amene tinazolowera kuti ludzu likatigwira kunyanja timangowerama, tikumbuke kunyamula zigubu za madzi akumwa, chifukwa kugombeko amagulitsa modula. Ubwino wake ndi wakuti m'madzi amchere mulibe likodzo, ndipo pamagombe amenewa simuopa ng'ona kapena mvuu. Thupi limayandamanso mosavuta kusiyana ndi kwathu. Choopa chili pansi, pakati pa miyala, pomwe pamabisala tizamoyo tozungulira ngati mpira taminga yakuda yaitali, yomwe ikalowa kuphazi imathyokera momwemo. Ana avale nsapato za pulasitiki polowa m'madzi.

Nthawi ya Swala ikakwana musavutike kufunafuna mpopi, pakuti madzi a m'nyanja yamchere ndi oyera ndipo wudhu wake ndi wokwanira malinga ndi madhhab onse anayi. Qibla nayo ndi yosavuta. Dar es Salaam ili pafupifupi pamzere umodzi ndi Makkah, choncho mumangoyang'ana kumpoto kwenikweni; mukaima moyang'ana kotulukira dzuwa, Qibla ili kudzanja lanu lamanzere.

Tibwere ku maulendo a paboti. Kumpoto kwa mzindawu kuli tizilumba tomwe boma linatiteteza mu 1975, ndipo tiwiri tomwe anthu amapitako kukaswera tsiku ndi Bongoyo ndi Mbudya. Maboti a ku Bongoyo amanyamukira ku Msasani ndipo amatenga pafupifupi theka la ola. A ku Mbudya amanyamukira chakumpoto, mbali ya ku Kunduchi, ndipo ulendo wake ndi wofupikirapo. Kuzilumbako kulibe midzi. Kuli mchenga, tizisakasa tamthunzi tobwereka ndi anyamata ootcha nsomba. Madzi ake ndi oyera mbee, ndipo amene anavalapo magalasi osambirira ku Cape Maclear kuti aone mbuna adzapeza kuti kuno kuli chinanso, miyala ya korali yomwe ndi yamoyo, imakula, ndipo imafa ikapondedwa. N'chifukwa chake kuwedza, kuthyola miyalayo ndi kutola zigoba n'koletsedwa kumeneko.

Ulendo uwu ndiwo wodulirapo, chifukwa mumalipira boti komanso msonkho wolowera, ndipo msonkhowo ndi wokwera kwa alendo ochokera kunja kusiyana ndi eni dziko. Mmalawi ndi mlendo ngakhale atamalankhula Chiswahili chosalala chotani. Tamvapo abale ena akulangizana kuti munthu angokhala chete n'kudutsa ngati wa komweko. Ife malangizo amenewo sitiwayamikira, makamaka ana akuona. Maganizo athu ndi akuti ngati katundu mwagula kale, tikiti yobwerera ili m'thumba ndipo patsala kenakake, pitani ku Mbudya kamodzi, simudzadandaula. Ngati sipanatsale, pantoni ndi mchenga wa ku Kigamboni zakwanira. Amene apite ku Mbudya akhoza kupatukirako pa mabwinja a ku Kunduchi, pomwe pali zotsalira za mzikiti wakale ndi manda a zipilala zazitali okongoletsedwa ndi mbale zadothi zochokera ku China.

Musanakwere boti lililonse, funsani za mphepo, ndipo pa nkhani iyi yokha nzeru za kwathu zikugwira ntchito. Kumeneko kuli mphepo ziwiri zazikulu. Kaskazi imachokera kumpoto chakum'mawa kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi, ndipo imeneyo tingaifanizire ndi mpoto wathu. Kusi imachokera kum'mwera chakum'mawa kuyambira cha mu Epulo mpaka Sepitembala, ndipo imalimba kwambiri mu Juni, Julayi ndi Ogasiti. Imeneyo ndi mwera, nyengo yake yomweyo, mbali yochokera yomweyo. Akuluakulu athu saiwala za Vipya, sitima yomwe inamira panyanja yathu pa 30 Julayi 1946 n'kupha anthu 145. Nayo MV Skagit inagubuduzika ndi mafunde pa 18 Julayi 2012 ikuchokera ku Dar es Salaam kupita ku Zanzibar, anthu oposa 100 n'kutsalira m'madzi. Chaka cha m'mbuyo mwake, mu Sepitembala 2011, MV Spice Islander inamira pakati pa Unguja ndi Pemba chifukwa chodzaza mopyola muyeso, ndipo anafa ndi anthu mazanamazana. Zimenezo zinali sitima zachitsulo. Nanga kaboti kathabwa? Miyezi ya kusi ndi yabwino poti kutentha kumachepa, koma nyamukani m'mawa nyanja isanadzuke, ndipo mubwerere mphepo ya madzulo isanalimbe.

Pamagombe onsewa mudzakumana ndi anyamata okuitanirani kuti akuyendetseni pa ngalawa, lomwe ndi bwato logoba ngati lathu koma lokhala ndi mapiko amitengo mbali zonse ziwiri ndi thanga la nsalu. Ngalawa ndi yokongola kuiona ikuthamanga, ndipo mtengo wake umakhala wotsika. Kwa amuna awiri odziwa kusambira, m'mawa nyanja ili bata, sitiletsa. Kwa banja la ana aang'ono tikuti ayi. Boti lokwera ndi banja likhale la injini, lokhala ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndipo muwaone ndi maso anu musanapereke ndalama. Jekete ya wamkulu mwana amapulumukamo akagwera m'madzi, choncho funsani zazing'ono. Amayi athu avale jekete pamwamba pa zovala zawo n'kumanga zingwe zake zonse, pakuti diresi lalitali ndi zitenje zikanyowa zimalemera ndi kukulunga miyendo, ndipo ngakhale mayi wodziwa kusambira sangapite patali. Boti likadzaza koma mwini wake akuitanabe anthu, tsikani. Ngati mwabwereka boti lanulanu, perekani theka la ndalama popita, theka linalo akadzakutengani.

Pogwirizana nthawi yodzakutenganiyo pali msampha wina. Poyamba, Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi kuyerekeza ndi Malawi, choncho onetsetsani kuti wotchi kapena foni yanu yasintha. Chachiwiri, Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Saa moja asubuhi ndi 7 koloko m'mawa, saa sita ndi 12 koloko masana, ndipo mwini boti akanena kuti adzabwera saa kumi akutanthauza 4 koloko madzulo, osati 10 koloko. Njira yapafupi ndi kuyang'ana nambala yopenyana ndi imene watchulayo pawotchi ya mivi. Koma koposa zonse muuzeni aloze ndi chala pawotchipo.

Amene ali ndi tsiku lathunthu, monga aja odikira kuti galimoto ituluke padoko, apite ku Bagamoyo. Ndi makilomita pafupifupi 70 kumpoto, kudzera ku Tegeta ndi Bunju, ndipo maminibasi ake ndi otchipa. Chovuta ndi kuthithikana kwa magalimoto potuluka mumzinda, choncho lawirirani. Bagamoyo ndi tawuni yachete ya nyumba zakale za miyala, zina zikugwa, zitseko zake zosemedwa mwaluso. Inali likulu la Ajeremani m'chigawochi mpaka 1891 pamene anasamukira ku Dar es Salaam, ndipo isanafike nthawiyo inali pothera njira yaikulu ya malonda yochokera ku Ujiji kudzera ku Tabora. Njira za makolo athu sizinkathera kuno. Amalonda a kwa Makanjira, kwa Mponda ndi kwa Mataka ankalowera chakum'mwera, ku Kilwa, Lindi ndi Mikindani, ndipo konseko agogo athu ankangoti ku Mbwani. Komabe zimene mungaone pagombe la Bagamoyo n'zimene iwo ankaona. Majahazi amathanga akadalipo, akupachira ndi kutsitsa katundu patsogolo pa nyumba yakale ya kasitomu. Madzi akaphwa amakhala pamchenga atapendekeka, anyamata n'kumasenza matumba pamutu kukaika m'kati, ndipo madzi akadzaza amadzuka okha n'kunyamuka. Amisiri amawakhomabe pamanja pomwepo. Zombo zamtundu umenewu ndi zomwe Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, anayamba kumanga panyanja yathu, ndipo tisabise, zinkaolotsa minyanga pamodzi ndi akapolo. Ndi bwino ana amve zonse ziwiri ataima pamchengapo. Majahaziwo ena amapita ku Zanzibar, koma ndi a katundu. Musayerekeze kukweramo ndi banja ngakhale atakutsitsirani mtengo motani.

M'tawuni momwemo muli mishoni yakale ya Akatolika komwe mu Febuluwale 1874 kunafikira mtembo wa David Livingstone, utanyamulidwa kwa miyezi 9 kuchokera kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia. Otsogolera ulendowo anali Abdullah Susi ndi James Chuma, ndipo Chuma anali Myao. Nsanja ya tchalitchi chomwe mtembowo unagonamo ikadalipo.

Koma chenicheni chimene timapitira ku Bagamoyo chili makilomita 5 kum'mwera kwake, pa Kaole. Pamenepo pali mabwinja a mudzi wakale wa Asilamu: mizikiti iwiri ya miyala ya korali ndi manda oposa 20, ena a zipilala. Mzikiti wakale kwambiri ndi wa m'zaka za m'ma 1200, ndipo umawerengedwa pakati pa mizikiti yakale koposa kumtunda kwa Tanzania. Denga linagwa kalekale, koma mihrab ikuoneka, yoloza kumpoto monga tanena muja, ndipo pambali pake pali chitsime chomwe ankatungapo madzi a wudhu. Ndi kamzikiti kakang'ono, kocheperapo kusiyana ndi mizikiti yambiri ya m'midzi mwathu, ndipo mwina n'chifukwa chake kamagwira mtima. Oonetsa alendo amakonda kunena kuti madzi a pachitsimecho amabweretsa mwayi. Ife timangowathokoza n'kuwauza ana kuti ndi chitsime cha wudhu, ndipo zimenezo n'zokwanira kuchilemekeza. Funsani kuti akuonetseni pomwe panali doko. Simudzaona madzi, mudzaona nkhalango ya mitengo yomera m'matope a mchere, imene Aswahili amati mikoko. Matope ndi mitengoyo zinatseka doko pang'onopang'ono, zombo zinasiya kukocheza, ndipo malonda anasamukira ku Bagamoyo, mudzi n'kufa. Polowa pa Kaole pali kamsonkho, ndipo m'mitengomo muli udzudzu woluma ngakhale masana.

Nanga ku Zanzibar? Ambiri amatifunsa. Sitima zothamanga zimatenga maola pafupifupi 2 kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo n'zotheka kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Koma umenewo si ulendo wotchipa. Mlendo wochokera kunja amalipira tikiti ya mtengo wa madola, amaonetsa pasipoti pofika, ndipo mu Okutobala 2024 boma la Zanzibar linayamba kufuna kuti alendo agule inshuwalansi yake asanalowe. Kuwononga zonsezo kuti mukakhale maola 5 n'kuthamangira sitima yomaliza, ife sitikuona phindu lake. Zanzibar isungireni ulendo wakewake, wa masiku angapo, Insha Allah.

Wotsala ndi amene alibe tsiku lathunthu, basi yake ikunyamuka mawa m'bandakucha. Ameneyo atenge banja madzulo Asr itatha apite ku Coco Beach, ku Oyster Bay, komwe salipiritsa polowa. Kusambira kumeneko sitikulimbikitsa, poti mafunde ake ndi amphamvu madzi akadzaza ndipo pansi pali miyala. Samalaninso mafoni ndi zikwama, ndipo muchokeko kusanade. Khalani pamchenga, gulani chinangwa chokazinga chothira tsabola ndi ndimu, muzionera sitima zitaima patali kudikira malo padoko. Gulaninso dafu, yemwe ndi kokonati wosakhwima. Wogulitsa amamudula pamwamba ndi chikwanje kuti mumwe madzi ake. Mukamaliza musamutaye, m'bwezereni mwini wakeyo, ndipo adzasema kasupuni kuchokera ku khungu lake lomwelo n'kukukokoterani nyama yofewa ya m'kati. Zimenezo salipiritsa padera.